Goli Lalitali la Esmeralda

1. Dzino limodzi

Kuchokera pa mlatho wa Revubué mpaka kumalire a Zóbuè, palibe munda umene unamera msanga chaka chimene chija kuposa wa mlongo wanga Olívia. Funsani oyendetsa shapa, timabasi tathu tija, amene ankachepetsa liwiro kuti okwera aone. Funsani amayi ogulitsa mbatata pamsewu. Adzakuuzani kuti anaulima ndi mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, dzina lake Esmeralda, ndipo chitsulo chimene analimira chinachokera m'manja mwa amalume ake. Amalume akewo ndine, Elísio.

Ine ndayenda, ana inu. Ndinayamba ndi kutola zidutswa za zitsulo m'mbali mwa njanji ku Moatize, malasha atangoyamba kuitana anthu a m'chigawo chonse cha Tete. Kuchokera apo ndawotcherera zitsulo padoko la Beira, ku Nacala, ku Joni, mpaka ku Kitwe. Lero ndili ndi ofisina yangayanga yowotcherera zitsulo pamsewu waukulu wa Moatize. Dzina langa lili pachikwangwani, ndipo zilembo zake n'zazitali ngati mwana wa zaka zitatu.

Tsiku lina ndikuchokera ku Kitwe ndinaima pafupi ndi Chipata, ndipo ndinaona mlimi akuchita zachilendo. Anali ndi sharuwa, pulawo yokokedwa ndi ng'ombe ngati yakwathu yomwe, koma khasu lotembenuza dothi anali atalichotsa. Pamalo pake anamangapo dzino limodzi lachitsulo, lalitali, losongoka. Dzinolo linkang'amba kangalande kopapatiza koma kakuya. M'kangalandemo ndi mmene ankathira manyowa ndi mbewu. Pakati pa kangalande ndi kanzake sankakhudzapo. Mapesi a chaka chatha ankangogona pomwepo, kufunditsa nthaka.

"Timachitcha ripa," anatero mlimiyo. "Mvula ikagwa imalowa m'tingalandemu, siithawira kumtsinje."

Ndinachizungulira katatu, ndinachiyeza ndi zala, ndinachijambula pafoni. Nditafika ku ofisina ndinadula chitsulo cholimba cha pansi pa kamiyau yakufa, chigalimoto cha katundu, ndipo pamasiku awiri ripa inali itabadwa. Ndinaipaka utoto wabuluu. Ndikunenetsa, inali yokongola kuposa ya ku Chipata.

2. Mawu a mana Perpétua

Chilimwe chili kumapeto ndinakweza ripa m'galimoto yanga n'kupita kwathu ku Zóbuè. Ndinapeza pakhomo pali nkhani.

Mlongo wanga Olívia ndi wamasiye. Mwamuna wake atamwalira, msana unayamba kumuvuta moti sankatha kuwerama ndi khasu. Chaka chathacho iye ndi Esmeralda anaunda mizere theka la munda lokha. Theka lakumunsi, lotsikira kumtsinje, linagona.

Kwathu minda ndi ya mbumba, ndipo amene amagawa ndi mkulu wathu, mana Perpétua. Ine ndine womaliza kubadwa. Ngakhale ndifike ndi galimoto, pamaso pawo ndikadali kamwana kamene anakabereka kumbuyo pothawa nkhondo.

Tsiku limenelo anakhala pakhonde la Olívia. Pambali pawo panali mkamwini wawo Valter, mwamuna wa mwana wawo Catarina. Valter ntchito inamuthera ku mina, kumgodi wa malasha, ndiye anabwera kudzakhala kwa mkazi wake. Esmeralda anali atangobwera ku esikola, kumene ankaphunzira desima, kalasi lakhumi. Mabuku anali akadali m'manja.

"Khala pansi, Esmeralda, umve," anatero mana Perpétua. "Munda uwu sitinaugule. Titabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, tinaupeza uli thengo lokhalokha. Tinazula zitsa ndi makasu awiri, manja akutuluka magazi, amako ali kamtsikana kochepa kuposa iweyo. Mzere woyamba ndinaunda ndine, monga tinaphunzirira kumsasa wa othawa nkhondo. Mizere ija si yodzalapo chimanga chokha ayi. Mizere imauza wodutsa kuti pano pali mwini. Masiku ano anthu amene anasamutsidwa chifukwa cha mina akuyendayenda kufunsa malo. Amalonda akuima ndi magalimoto n'kumaloza ndi chala. Akaona munda wogona, wodzaza mapesi ndi udzu, amati ulibe mwini, mawa lake akubwera ndi mapepala. Ine sindifuna kuona mlendo akulima pamene ndinazula zitsa. Theka lakumunsi lagona chaka chimodzi, chachiwiri siligonanso. Lipite kwa Catarina ndi Valter lero lomwe. Valter ali ndi mphamvu, ndipo wavomera kuti theka lakumtunda akuundirani mizere ulere. Mudzadya pang'ono, koma mudzadya."

Olívia anaweramitsa mutu. "Mwina n'zoona, mana."

"Amayi," anatero Esmeralda, "chimanga cha theka lija chinatithera pamiyezi inayi. Mwaiwala?" Kenaka anatembenuka. "Amayi aakulu, munda wonse ukamera, kuchokera kumsewu mpaka kumtsinje, mudzatisiyira?"

"Ukamera ndi manja a yani?"

Esmeralda analoza galimoto yanga. Ripa inali kunyezimira padzuwa. Ndinali nditamufotokozera kale pafoni mmene imagwirira ntchito.

Mana Perpétua anachiyang'ana chitsulocho, nandiyang'ananso ine. "Ukamera wonse, ndi wanu. Koma ukakana Valter lero, usadzamufune mvula itagwa, adzakhala ali pa zake. Chidole cha Elísio chikakunamizani mudzataya theka lakumunsi, ndipo lakumtunda lidzakhala lopanda mzere ndi umodzi womwe. Wamva?"

Esmeralda anayang'ana amayi ake. Olívia sanamuletse.

"Ndamva, amayi aakulu. Alamu apume kaye."

Valter anaseka mpaka kugunda ntchafu. "Zikomo alamu! Mukandifuna mudzandipeza. Khasu langa silinapite ku Chipata, koma limalima."

3. Njanji za m'munda

Ng'ombe tinabwereka kwa a Celestino, mnansi wathu wachikulire. Zinali ziwiri: yakuda, Malasha, ndi yofiira, Kachasu. Anatipatsa masiku atatu okha, chifukwa nawonso munda wawo unkadikira.

M'mawa wake anthu anadzaza m'mphepete mwa munda. Mizere yakale inali itaphwanyika kale ndi mvula ndi ziweto, ndiye munda unali wathyathyathya, mapesi ali mbwee. Esmeralda anamanga chingwe mopingasa kutsetsereka kwa malo, kuti madzi asadzathamange m'tingalande kutsikira kumtsinje. A Celestino anamanga ng'ombe pagoli lawo lolimira masiku onse.

Ine ndinagwira zogwirira, nditavala malaya oyera.

"Taonani bwino!" ndinafuula. "Zimene muone lero mudzauza adzukulu anu!"

Kangalande koyamba kanayenda bwino motsatira chingwe. Dzino linalowa pansi, nthaka youma inalira, anthu anati, "Eee!" Ndinawagwedezera dzanja.

Titatembenuka zinthu zinasokonekera. Tinkafuna kuti kangalande kachiwiri katalikirane ndi koyamba masentimita makumi asanu ndi anayi, pafupifupi kutalika kwa mpini wa khasu. Koma Malasha analunjika pa kangalande koyamba kaja n'kumayenda mmenemo. Popeza goli linali lalifupi, dzino linang'amba pafupi kwambiri, kusiya mpata wa phazi limodzi basi.

"Mukankhireni uko!" ndinakuwa.

A Celestino anamukoka. Malasha anapita uko, nabwereranso. Kachasu anasokonezeka n'kuyamba kukokera kwake. Pofika masana tinali ndi tingalande khumi, tina tokumana, tina topingasana, tina tothawana.

Valter anaima pachulu. "Amalume, ndithandizeni. Njanji iyi ikupita ku Beira kapena ku Nacala? Ndikufuna kukwera!"

Anthu anagwa nazo kuseka. Mayi wina anati malaya anga tsopano afanana ndi Malasha.

"Ng'ombe izi n'zosaphunzira," ndinatero. "Za ku Chipata zimayenda ngati asilikali."

A Celestino anamasula goli pang'onopang'ono, kenaka anandiyankha. "Elísio, iwe wayenda maiko, ine ndayenda kumbuyo kwa ng'ombe. Malasha walima zaka zisanu ndi ziwiri. Chiyambire ndinamuphunzitsa chinthu chimodzi: phazi lako liponde m'ngalande imene sharuwa yangodutsamo. Akachita zimenezo ndimamuyamika, akaphonya ndimamukalipira. Lero wachita zimene anaphunzira, ndipo ukumutcha wosaphunzira. Chikwapu sichingachotse zaka zisanu ndi ziwiri pa tsiku limodzi. Ukamumenya udzangomuwononga, ndipo ng'ombe yanga sindilola kuti iwonongeke chifukwa cha utoto wabuluu. Mwatsala ndi masiku awiri."

Ndinauza Esmeralda kuti asadandaule. Ndibwerera ku Moatize, ndikawotcherere mkono wachitsulo wolemba mzere pambali, ndipo pakatha sabata ndibwera nawo.

Iye analoza kumapiri a ku Malawi. Mitambo inali itayamba kuunjikana.

"Sabata tilibe, amalume."

4. Ng'ombe zokangana

Madzulo dzuwa lisanalowe Esmeralda anandipempha foni. Ankafuna kuona chithunzi cha ku Chipata. Ndinamusonyeza dzino lija, ndikumufotokozera mmene langa linaliposera.

Iye sankayang'ana dzino. Anakulitsa chithunzi ndi zala mpaka pangodya yakumwamba, pamene panaoneka misana ya ng'ombe.

"Amalume, ng'ombe izi zinakangana?"

"Bwanji?"

"Zatalikirana. Pakati pake munthu akhoza kugona chopingasa."

Ndinayang'anitsitsa. Zinalidi zotalikirana. Ine munthu wa zitsulo, tsiku lija ndinazungulira chitsulo katatu, koma mtengo umene unali pakhosi pa ng'ombe sindinauone n'komwe.

Esmeralda anatola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi. "Malasha akufuna kuponda m'kangalande kakale. Timusiye apondemo. Dzino limayenda pakati penipeni pa ng'ombe ziwirizi. Ndiye kuchokera pakhosi pa Malasha kufika pakati pa goli pakhale masentimita makumi asanu ndi anayi. Kuchokera pakatipo kufika pakhosi pa Kachasu pakhalenso chimodzimodzi. Malasha akamatsata kangalande kakale, dzino lizing'amba katsopano pamalo pake, popanda chingwe, popanda chikwapu."

Ndinaimirira n'kuwomba m'manja. "Magazi awa ndi akwathu! Nzeru izi ndi za kwa amalume!"

"Tikufuna mtengo wowongoka wopitirira mamita awiri," anatero iye. "Wouma, chifukwa wauwisi ulemera pakhosi."

Tinazungulira pakhomo ponse osaupeza. Kenaka Esmeralda anaima pa nkhokwe. Inali yopanda kanthu kuyambira mwezi wozizira. Pansi pake panali mtanda wabulugamu, wowongoka ngati njanji.

"Umenewo ayi," anatero Olívia ali pakhonde. "Nkhokwe imeneyo anamanga ndi atate ako. Ukasolola mtandawo igwa."

Esmeralda anapita kukagwada pafupi ndi amayi ake. "Amayi, muli chiyani mmenemo? Akangaude okha. Munda ukapita, nkhokweyi tizidzasungamo chiyani? Chimanga chikabwera ndidzamanga ina ndi manja anga."

Olívia anayang'ana nkhokweyo. Kenaka anati, "Denga lake mulitsitse bwino. Lisathyoke."

Tinatsitsa denga, tinasolola mtanda, ndipo nkhokwe inakhala pansi ngati munthu wotopa. Esmeralda anayeza ndi rula ya ku esikola n'kulemba ndi khala. Ine ndinaika chitsulo pamoto mpaka kufiira, ndipo ndinaboola mabowo anayi olowetsamo timitengo ta m'khosi. Mabowo oterowo simungawapeze ngakhale ku Joni.

5. Malasha apeza njira yake

M'mawa a Celestino ataona golilo anavula chipewa n'kukanda mutu. "Ili ndi goli kapena mlatho?"

Anamangabe ng'ombe. Poyamba Kachasu ankayang'anayang'ana mnzake, kudabwa kuti wapita kutali. Esmeralda anasuntha kagudumu ka kutsogolo kwa ripa kuti dzino lilowe mozama, kenaka anagwira zogwirira.

"Amalume, lero inu mutsogolere ng'ombe."

Ndinavula malaya n'kugwira chingwe. Munthu wamkulu amadziwa nthawi yopatsa ana mpata.

Tinasiya njanji zadzulo zija n'kuyambira pa kangalande kowongoka ka chingwe. Malasha anaponda mmenemo, anapumira mwamphamvu, nayamba kuyenda ngati akupita kwawo. Dzino linang'amba kangalande katsopano. Titafika kumapeto Esmeralda anagoneka mpini wa khasu pakati pa tiwirito. Unakwana ndendende. Anauyesanso pakati pa munda, unakwana. Kachitatu, kachinayi, kakhumi, tingalande tonse tinayenda ngati mizere ya m'kope.

Anthu amene anabwera kudzaseka anayamba kutsika pachulu mmodzimmodzi. Manja a Esmeralda anatuluka matuza, anawakulunga ndi chitenje n'kupitiriza. Dzuwa likakula tinkapumitsa ng'ombe, likapendeka tinkayambanso. Njanji zija tinazikonza pomaliza, kudutsamo mowongoka.

Tsiku lachitatu madzulo dzino linatulukira m'mphepete mwa mtsinje. Tingalande tinali toposa zana, kuchokera kumsewu mpaka kumadzi.

Valter anafika khasu lili paphewa. Pamasiku atatuwo anali ataunda mizere makumi awiri m'kamunda ka mkazi wake. Anayenda m'munda wathu, kenaka anati, "Alamu, mwabera. Mwalima ndi samu."

"Sitima ya ku Nacala yanyamuka, alamu," anayankha Esmeralda. "Mwachedwa."

Masiku otsatira, akaweruka ku esikola, Esmeralda ankatuta manyowa a mbuzi ndi ndowa n'kumathira m'tingalande mokhamokha. "Chakudya chipite pamene pali pakamwa," ankatero. Ine ndinabwerera ku ofisina, koma foni inali pakhutu tsiku lililonse.

Lachinayi masana anandiimbira. Anangokweza foni kumwamba. Ndinamva mvula ikugunda malata.

Ndinatseka ofisina n'kuthamangitsa galimoto. Ndinapeza madzi ofiira akutsika m'njira zonse za m'mudzi, koma m'munda wa Olívia madzi ankagwera pamapesi, n'kutsetserekera m'tingalande, n'kumira.

M'mawa wake tinadzala. Chimene chinandikhudza n'chakuti Olívia anadzala nawo. Sanafunike kuwerama kapena kukumba phando. Ankayenda chilili ndi ndodo yake, kugwetsa mbewu m'kangalande, n'kukwirira ndi phazi. Pakati pa munda ndinamumva akuimba, koyamba chimwalirire mwamuna wake. Tsiku limodzi ndi theka munda wonse unali utadzalidwa, anansi akadali kuunda mizere m'matope.

6. Ndodo ya mana Perpétua

Patapita masiku asanu ndi atatu chimanga chinali chitamera. Mizere yobiriwira inatsatizana kuchokera kumsewu mpaka kumtsinje, yowongoka ngati yojambulidwa. Apa m'pamene oyendetsa shapa anayamba kuchepetsa liwiro.

Loweruka m'mawa mana Perpétua anabwera ndi ndodo yawo, Valter ali pambuyo. Sanapereke moni wautali. Anayambira kumsewu n'kutsika mzere ndi mzere, ife tikutsatira. Pena ankaima n'kubaya ndodo pafupi ndi chimanga, ndipo ndodo inkalowa mosavuta. Pena ankakankha mapesi ndi phazi n'kugwira dothi. Linali lonyowa, ngakhale dzuwa linali litawala masiku anayi.

Atafika kumtsinje anatembenuka n'kuyang'ana kumtunda nthawi yaitali.

"Wodutsa aliyense aona kuti pano pali mwini," anatero. "Olívia, munda ndi wako, wonse. Valter, nkhani ya theka lakumunsi yatha."

Olívia analira n'kuseka nthawi imodzi. Ine ndinaponya chipewa kumwamba, ndipo chinakagwera m'madzi.

Valter anakanda kukhosi. "Alamu, goli lija mumabwereketsa? Chaka chamawa, ndikutanthauza."

"Mudzabwere ndi ulemu, alamu," anatero Esmeralda, "ndi nkhuku."

Tonse tinaseka, kupatula mana Perpétua. Iwo anawerama, anatukula mapesi pamalo pamene anali ochepa, ndipo anazula kanthu kakang'ono kobiriwira. Pansi pamenepo panali tambirimbiri, tothithikana ngati tsitsi la khanda.

"Esmeralda, bwera kuno. Wapambana, ndipo ndanena pamaso pa anthu. Koma tamvera. Ife tikamaunda mizere timakwirira udzu, umayamba wafa kaye usanadzukenso. Iwe nthaka ya pakatiyi sunaitembenuze. Mbewu zonse za udzu wa chaka chatha zili pamwamba, zamwa mvula yomweyo imene chamwa chimanga chako. Kumunsi kuno, kumene kunagona chaka chathunthu, ndiye kuli zochuluka. Pamene mapesi ali ambiri udzu uchedwa, koma pamene ali ochepa utuluka ngati moto. Amako sangawerame. Amalume akowa Lolemba ali ku Moatize, akuuza anthu kuti alima okha munda wonse. Chimanga chaching'ono chikaphimbidwa sichibwereranso. Mayeso a desima uyamba liti?"

"Lolemba, amayi aakulu."

"Atha liti?"

"Pakapita masabata awiri."

Mana Perpétua anatenga dzanja la Esmeralda, lija la matuza, anaikamo kaudzu kaja n'kumufumbatitsa.

"Aka sikadikira masabata awiri."